Mjigo Wodwala Chingerezi

Kuseri kwa phiri lina, kumene msewu wa tala umathera mwadzidzidzi ngati wachita manyazi, kuli mudzi umene dzina lake sitilitchula, poopa kuti eni ake angabwere kudzatikonza galamala. Mudziwu unalibe chipatala, unalibe chigayo, ndipo madzi akumwa anthu ankalimbirana ndi ng'ombe kudambo. Koma unali ndi chuma chimodzi chimene midzi yoyandikana nawo inalibe. Unali ndi Chingerezi.

Mwini Chingerezicho anali Bambo Gelevaziyo Kapatuka, amene anapuma pa uphunzitsi kalekale koma choko sichinawachoke m'magazi. Maudindo awo akamatchulidwa pamsonkhano, wotchulayo ankapumira panjira: Mlonda Wamkulu wa Chingerezi Chenicheni, Mwongoli wa Malilime Okhota, Wapampando Wamuyaya wa Komiti ya Chitukuko ndi Galamala. Wachiwiri wawo anali Bambo Lufeyo Mtsitsa, amene anagwirapo ukalaliki kukhoti n'kubwerako ndi chikhulupiriro chakuti palibe mawu amene sangasanduke mlandu.

Akuluakulu awiriwa anaika lamulo lakuti mlendo aliyense wobwera pa galimoto azilankhulidwa m'Chingerezi basi. Mwana wasukulu akapezeka akutulutsa Chichewa pamaso pa mlendo, ankazula chitsa. Womasulira sankaloledwa, pakuti a Kapatuka ankati kubweretsa womasulira m'mudzi mwawo kuli ngati kutengera nkhuni kunkhalango.

Chaka china bungwe lachifundo linatumiza katswiri wokumba mijigo, mnyamata wa ku Amerika dzina lake Tyrone, amene amayi ankangomutchula Tayi. Anali wakuda ngati ife tomwe, ndipo zimenezi zinawakhumudwitsa pang'ono a Kapatuka, amene ankayembekezera mzungu. Koma atamva Chingerezi chikutulukira m'mphuno, anamukhululukira.

Tayi anakumba mjigo wokongola pakati pa mudzi. Tsiku loupereka, amayi anavala zitenje zofanana, ana anaimba, ndipo a Kapatuka analankhula mpaka mthunzi wa mtengo wa mango unasamukira mbali ina. Kenaka Tayi anapopa madzi, anamwera m'manja, n'kupukusa mutu mosangalala.

"Man, this water is sick!" anatero akuseka. "Ain't nothing wrong with it, no way!"

Amayi anaimba nthungululu. Mnyamatayo anakwera galimoto, n'kupita kukakumba kwina.

Zimene ankatanthauza zinali zapafupi: madziwa ndi okoma zedi ndipo alibe vuto ngakhale pang'ono. Achinyamata akwawoko amalankhula choncho, monga mmene ife timanenera kuti ndiwo zakoma koopsa pomwe palibe amene wathawa. Koma nkhope ya a Kapatuka inali itachita tsinya. Fumbi la galimoto lisanathe n'komwe, anaitanitsa komiti m'kalasi.

"Anzanga," anatero ataima pa bolodi, choko chili m'manja, "mnyamata uja watichenjeza mwaulemu kuti asatichititse manyazi pagulu. Choyamba, wanena kuti madziwa ndi sick, ndiye kuti akudwala. Chachiwiri, tcherani khutu. Ain't ndi kukana. Nothing ndi kukananso. M'Chingerezi chenicheni, monganso m'masamu, kukana kukakumana ndi kukana kunzake kumabala kuvomera. Munthu akati sikuti palibe vuto, ndiye kuti vuto lilipo."

A Mtsitsa anadzuka, anakonza tayi. "Ndikutsutsa, a Wapampando. Mwawerenga kukana kuwiri, koma kulipo kwachitatu. Wamaliza ndi no way. Kukana kuwiri kwabala kuvomera, inde, koma kuvomerako kwakumana ndi kukana kwachitatu, kwafera pomwepo. Madziwa ndi abwino."

Anthu amene anali kusuzumira pazenera anawomba m'manja, pakuti anali ndi ludzu.

"Khalani pansi, a Mtsitsa. Munali kuti pamene mnyamata uja anaima kaye? Pakati pa mawuwo panali mpumiro, ndinaumva ndi makutu angawa. No way ndi chiganizo choima pachokha, ndipo way ndi njira. Palibe njira. Watiuza kuti njira ya kumjigo itsekedwe."

"Sunali mpumiro umenewo. Ankameza madzi."

"Ndipo kumeza madzi si mpumiro?"

Funso limeneli linali lalikulu kwambiri moti silikanatha tsiku limodzi. Mayi wina, amene anamuika m'komitimo kuti chiwerengero cha amayi chikwane, anakweza mkono mwamantha.

"Nanga bwanji osangomuimbira foni mwini mawuyo, timufunse?"

Komiti yonse inamuyang'ana ngati watukwana pamaliro.

"Mayi," anatero a Kapatuka mofatsa ngati akulankhula ndi mwana wa sitandade wani, "kufunsa mlendo kuti munati chiyani ndi ntchito ya midzi ya kutsidya kwa mtsinje. Ife sitifunsa. Timamva."

Komiti inagwirizana kuti nkhaniyi ndi yofunika kuifufuza mozama, ndipo poyembekezera chigamulo, mjigo unakhomedwa loko ndipo njira yake inatsekedwa ndi minga. Komiti inkakumana sabata iliyonse, tiyi ndi mabanzi zili patebulo, kuunika ngati kumeza madzi kuli mpumiro kapena mpatuliro. Amayi anabwerera kudambo, kumene ng'ombe zinawalandira popanda mafunso.

Akazi awo a Kapatuka, a Nankhoma, sanapite patali ndi sukulu, koma pakamwa pawo panali pakuthwa ngati lumo latsopano. Tsiku lina atatula ndowa ya madzi ofiira ngati thobwa, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo, tandiuzani. Ine ndikati ayi, ayi, ndiye kuti ndavomera?"

"M'Chingerezi chenicheni, inde."

"Oho. Ndiye chifukwa chake munandikwatira. Paja ndinakukanani kawiri."

"A Nankhoma, nkhani za galamala zisiyeni kwa eni ake."

"Madzi odwalawo ali phee pansi pa nthaka, sitinawamvepo akubuula. Ife abwinobwinofe ndi amene tiyambe kubuula."

A Nankhoma anasonkhanitsa amayi anzawo, anaswa loko uja ndi mwala, mudzi unamwa madzi oyera tsiku limenelo. M'mawa mwake anapeza mjigo ulibe mkono. A Kapatuka anali ataumasula ndi sipanala n'kukautsekera m'kabati ya kusukulu, pamodzi ndi mabuku a galamala.

Mvula itayamba, zonyansa zonse za m'tchire zinatsikira kudambo. Ana anayamba kutsekula m'mimba khomo ndi khomo. Mdzukulu wawo wa a Kapatuka, kamtsikana kotchedwa Yankho, kanalowa maso m'kati, ndipo a Nankhoma anakabereka kumsana ulendo wa tsiku lathunthu kupita kuchipatala cha mishoni. Yankho anachira. Mwana wa banja lina sanafike n'kuchipatalako komwe, anatsirizikira panjira. Komiti inapita kukapepesa maliro m'Chingerezi chopanda cholakwa ngakhale chimodzi.

"Mwaona tsopano?" anatero a Kapatuka pamsonkhano wotsatira. "Ngati madzi a kudambo, amene mlendo sanawanenere kanthu, akuchita zoterezi, nanji aja anawatchula poyera kuti sick? Tikanatha tonse. Galamala yatipulumutsa."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. M'mudzi uwu osafunsa ankadya mabanzi, ana n'kumadya phula.

Mvula itakata, Tayi anabwera kudzaona mmene mjigo wake ukuyendera. Anapeza chitsulo chopanda mkono, udzu utamera mpaka m'chiuno, nkhuku itaikira mazira pa simenti. Atamufotokozera chifukwa chake, poyamba anaseka poyesa nthabwala. Atamva za ana aja, kuseka kunatha. Anakhala pansi pa simentipo, atagwira mutu, nthawi yaitali. Kenaka analankhula pang'onopang'ono, ndi manja omwe, kuti kwawo sick ndi chinthu chabwino zedi, bad ndi wicked chimodzimodzi, ndipo munthu akakana kawiri kapena katatu ndiye kuti wakanitsitsa, osati wavomera.

Maso onse anatembenukira kwa a Kapatuka. Munthu wamba akanapempha nthaka kuti imumeze. Koma Wapampando Wamuyaya sakhala wamuyaya chifukwa cha manyazi. Anatsokomola, anakonza magalasi.

"Ndendende zimene komiti inali pafupi kupeza," anatero. "Chimenechi ndi Chingerezi Chamakono, gawo lachiwiri. Ndakhala ndikuchidziwa, koma ndinkafuna kuti mudzi uchifikire wokha pang'onopang'ono."

Mkono wa mjigo unabwezeredwa. Panachitika mwambo wachiwiri wotsekulira, woposa woyamba, ndipo a Kapatuka anayamikiridwa chifukwa chobweretsa madzi m'mudzi kawiri konse. Asananyamuke, Tayi ananena kuti nthawi yake m'dziko muno yatha, koma mkulu wa bungwe lawo abwera posachedwa. Bungwelo linali ndi chipatala chimodzi chokha choti limange, ndipo mkuluyo ankafuna kusankha pakati pa mudzi uwu ndi wa kutsidya kwa mtsinje.

Pa zonse zimene Tayi anafotokoza, a Kapatuka anatolapo lamulo limodzi, lalifupi, losavuta kulemba pa bolodi: m'Chingerezi Chamakono, mawu aliwonse amatanthauza zosemphana nawo. Chabwino uzichitcha choipa. Ukafuna chinthu, uchikane, ndipo ukachifunitsitsa, uchikane kambirimbiri.

Anavula jekete la suti, anagula kapusi pamsika n'kuivala chammbuyo. Komiti inasintha dzina kukhala Komiti ya Chitukuko ndi Chingerezi Chamakono, Wapampando yemweyo. A Mtsitsa anayesa kunena kuti mnyamata uja sananene choncho kwenikweni, koma anawakweza kukhala Mkulu Wotembenuza Matanthauzo, n'kuwapatsa kapusi yawoyawo. Pakamwa podzaza sipatsutsa.

Mudzi unalowa m'nyengo yatsopano. Pa ukwati wina a Kapatuka anauza mkwatibwi pa maikolofoni kuti ndi very sick, mayi ake a mtsikanayo anakomoka, akuchimuna n'kuyamba kufunsa za chipatala chimene anakayezetsa. Mkatekisiti anakana kwamtuwagalu kuphunzitsa ana kuti Mulungu ndi wicked, ndipo komiti inamulemba m'gulu la otsalira. Ana asukulu anawaphunzitsa kuti mlendo akafunsa chilichonse, ayankhe pamodzi mokweza kuti no way.

Tsiku la mlendo wamkulu litafika, komiti inagamula kuti amayi onse akaphike kuseri kwa sukulu, chifukwa Chingerezi chawo chikanachititsa mudzi manyazi. Pabwalo panatsala komiti, makapusi ali chammbuyo, ndi ana atandanda m'mizere.

M'galimoto munatsika mayi wachikulire wa ku Sikotilandi, Dokotala Makenzi, amene anayamba kuchiritsa amayi oyembekezera m'dziko muno a Kapatuka asanamere imvi. Chichewa chake chinali chosalala kuposa cha ana ambiri a m'tauni. Anawomba m'manja mwaulemu, ananyonyomala pang'ono.

"Takupezani, bambo. Kaya mwadzuka bwanji kuno?"

"No vernacular, madam," anatero a Kapatuka atakweza chala.

Mayiyo anadabwa, koma mlendo satsutsa mwambo wa eni mudzi. Anasinthira ku Chingerezi chakale chija, chowongoka, chimene a Kapatuka anaphunzitsa moyo wawo wonse asanachitaye. Anafunsa kuti mjigo ukuyenda bwanji.

"Very sick, madam! Bad, bad! Wicked!" anayankha a Kapatuka akumwetulira mano onse pamtunda.

Dokotala Makenzi anachita tsinya. Anatembenukira kwa ana, n'kuwafunsa m'Chichewa mofatsa: "Ana inu, tandiuzani zoona. Madzi a pamjigowa mukumwa?"

Anawo anamva bwinobwino. Ena anatsekula pakamwa kuti ayankhe. Kenaka anayang'ana a Wapampando, anakumbukira zitsa zimene zinatsala kumunda wa sukulu.

"No way!" anafuula pamodzi.

"Nanga akukuthandizani?"

"No way!"

Mayiyo anapumira m'mwamba. Anafunsa funso lomaliza, limene anadzera: kodi mudziwu ukufuna chipatala, ndipo ungachisamale?

Apa a Kapatuka anadziwa kuti nthawi yoonetsa ukatswiri yakwana. Chipatala ankachifuna ndi mtima wonse, ndiye chinayenera kukanidwa ndi mphamvu zonse. Anatukula chidali.

"We don't need no clinic, madam! We don't want nothing from nobody, never!"

A Mtsitsa, amene ankawerenga kukanako ndi zala pansi pa tebulo, anasokonezeka chiwerengero n'kungowomba m'manja. Komiti yonse inawomba nawo.

Dokotala Makenzi anaimirira, anatenga chikwama chake. Nthawi ino analankhula m'Chichewa, osalabadira lamulo lija.

"Zikomo bambo posabisa mawu. Midzi yambiri imationetsa mano kuti ilandire thandizo, koma inu mwanena zakukhosi. Sitikakamiza munthu mphatso. Chipatalachi sichimangidwa kuno, tikamanga kutsidya kwa mtsinje."

Anakwera galimoto osadya n'komwe. Amayi atatulukira ndi mbale za nkhuku pamitu, anangopeza fumbi.

"Zatheka!" analengeza a Kapatuka. "Chipatala chabwera!"

"Koma ana akuti wanena kuti sichimangidwa kuno," anatero a Nankhoma. "Wanenanso m'Chichewa, chimene ngakhale ine ndimamva."

"Mzungu akamalankhula Chichewa amaganiza m'Chingerezi, a Nankhoma. Akati sichimangidwa, ndiye kuti chimangidwa. Akati kutsidya, ndiye kuti tsidya lino."

Komiti inalamula kuti anthu alambule malo ndi kuumba njerwa. Anthu anaumba, kupatula a Nankhoma, amene ananena kuti msana wawo unathera paulendo wa kumishoni. Posakhalitsa malole a simenti ndi malata anayamba kudutsa pakati pa mudzi, kulowera kumtsinje. A Kapatuka ankaima m'mbali mwa msewu akuwabayibitsa, n'kumafotokozera anthu kuti madalaivala amakono amayamba apitirira kaye. Malole anapitirira mpaka kutsidya kunaima nyumba yoyera ya denga lobiriwira. Njerwa za tsidya lino zinasanduka bwalo la mbuzi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lina m'mimba mwa a Kapatuka munayamba kupotokola ngati wina akufinya chovala. Anayesa kupirira, anayesa madzi amchere, anayesa kutukwana m'Chingerezi cha magawo onse awiri. Dzuwa lili paliwombo, anali atapindika ngati chikwakwa, thukuta lili kamukamu. A Nankhoma ndi a Mtsitsa anawakweza pa ngolo, n'kuwoloka nawo mtsinje.

Pakhonde la chipatala chatsopanocho panali mzere wa anthu a kutsidyako, amene nkhani yonse ankaidziwa. Anapatuka mwaulemu waukulu kuti munthu amene anawapatsa chipatala adutse. Namwino, mtsikana wa yunifomu yoyera, anawerama pa ngoloyo.

"Agogo, chavuta n'chiyani?"

Chizolowezi sichimva ululu. Ataona yunifomu, a Kapatuka anadzutsa mutu.

"Nurse, I am sick. Very bad."

Namwinoyo anatembenuka kuti akatenge zopimira, koma a Nankhoma anamugwira pamkono.

"Musavutike, mwanangu. Akuti ali bwino koopsa. Angobwera kudzaona utoto wa nyumbayi."

"No! No!" anabuula a Kapatuka.

"Mwamva nokha. Akana kawiri, avomera. A Mtsitsa, tembenuzani ng'ombezo tizipita."

A Mtsitsa anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga malata. Anthu a pamzere anagwira pakamwa. Ng'ombe zinayamba kutembenuka. Pamenepo Mlonda Wamkulu wa Chingerezi anagwira m'mphepete mwa ngolo ndi manja onse awiri, kapusi inagwera m'fumbi, ndipo anakuwa mawu amene anamveka mpaka kumtsinje.

"Mayo ine! Ndikufa! A Nankhoma, ndichitireni chifundo! Mwanangu, m'mimba muno mukundidula, ndikudwala ine, ndikudwala zenizeni!"

"Nanga bwanji osanena choncho poyamba, agogo?" anatero namwinoyo, n'kuitana anzake kuti awanyamule.

Anawagoneka, anawaika diripi, anawabaya majakisoni. A Nankhoma anakhala pambali pa bedi masiku onsewo akuwamwetsa phala ndi supuni, osanena kanthu, zomwe zinawapweteka a Kapatuka kuposa majakisoniwo.

Atachira, anaitanitsa msonkhano wa mudzi wonse pansi pa mtengo wa mango. Anthu anabwera ambiri, amayi omwe, poganiza kuti mwina lero amva kupepesa. A Kapatuka anafika atavala malaya a chitenje, atagwira litchowa m'manja. Analengeza kuti ali pa bedi la kutsidya, atasinkhasinkha mozama, anatulukira kuti mtundu wotaya chiyankhulo chake ndi mtundu wotayika. Anadzudzula mwamphamvu anthu ena, amene sanawatchule maina, omwe akhala akunyoza Chichewa m'mudzimo mpaka kutayitsa chitukuko. Ananena kuti kuyambira tsiku limenelo pakhazikitsidwa Komiti Yoteteza Chichewa Chenicheni, ndipo popeza palibe wina amene akanatha kusenza mtolo wolemera chotere, iwo avomera modzichepetsa kukhala Wapampando wake Wamuyaya.

Zonsezi anazilankhula m'Chingerezi, a Mtsitsa akumasulira.